TIFUNSENI: Nyimbo za pa intaneti, kompyuta ndi bandulo kuno ku chigwa

Mafunso a ulendo uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje okhaokha, ndipo onse akukhudza kumvera nyimbo pa kompyuta kudzera pa Spotify, Apple Music, Boomplay, Audiomack ndi anzawo. Ena tawadulako kuti malo akwane.

FUNSO: Ndinaika Spotify pa laputopu, intaneti ndimakoka pa foni kudzera pa hotspot. Bandulo ya 1GB pa foni imandifikitsa kumapeto kwa sabata, koma ndikangolumikiza laputopu siifika mawa. Kodi ndi Spotify imene ikundidyera? Mphunzitsi, Ngabu.

YANKHO: Aphunzitsi, tiyambe ndi masamu. Kulemera kwa nyimbo imene ikubwera pa intaneti amakuyeza ndi kbps. Mukachulukitsa nambala ya kbps ndi 0.45, mupeza ma MB amene atha pa ola limodzi. Spotify ya pa kompyuta ili ndi makwerero angapo a kamvekedwe. Low ndi pafupifupi 24 kbps, ndiye kuti 11MB pa ola. Normal ndi 96 kbps, 43MB pa ola. High ndi 160 kbps, 72MB pa ola. Very high, ya olipira okha, ndi 320 kbps, 144MB pa ola. Choncho 1GB iyenera kukupatsani maola 14 pa High, kapena maola 23 pa Normal. Ngati ikutha madzulo amodzi, mbala ili pena.

Kawirikawiri mbalayo ndi Windows. Laputopu ikaona hotspot yanu imaiyesa Wi-Fi ya mu ofesi yopanda malire, ndiye imayamba kukoka ma update ake, kukonzanso mapulogalamu a mu Microsoft Store ndi kutumiza mafayilo anu ku OneDrive, zonsezi mwakachetechete inu mukumvera nyimbo. Update yaikulu imodzi yokha ikhoza kumeza 1GB yonse n'kufunanso ina.

Lumikizani hotspot, tsegulani Settings, pitani pa Network & Internet, kenako Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu, muyatse pamene palembedwa Metered connection. Apa mwaiuza Windows kuti intaneti iyi ndi yowerengera, ndipo zambiri zimene imakoka yokha imaziimika kaye. Izi zimagwira pa hotspot imeneyo yokha: mukaisintha dzina kapena mukabwereka foni ya mnzanu, muyatsenso. Mukatero pezani Data usage m'gawo lomwelo. Pa Windows 11 ili pansi pa Advanced network settings. Imeneyi imandandalika pulogalamu iliyonse ndi ma MB amene yadya m'masiku 30 apitawa, ndipo muona nokha amene ali pamwamba.

Mu Spotify namo, pa Settings, ikani Streaming quality pa Normal. Zimitsani Autoplay, chifukwa ikakhala yoyatsa chimbale chikatha pulogalamu imapitiriza yokha kuimba nyimbo zofanana nazo, inu mutagona kale. Pamene ikufunsa ngati izitseguka yokha mukayatsa kompyuta, sankhani No. Ndipo musamafufute cache pafupipafupi monga ena amalangizira: mmenemo ndi mmene Spotify imasungira nyimbo zimene mwangomvera kumene, moti mukazibwereza sizidyanso bandulo mofanana ndi poyamba.

Anthu ambiri amamvera pa tsamba la open.spotify.com poganiza kuti ndiko kupulumutsa deta. Ayi. Pa tsambapo waulere amalandira 128 kbps, 58MB pa ola, popanda potsitsira. Kwa munthu wa bandulo, pulogalamu yoika mu kompyuta ndiyo yabwino. Za kamvekedwe musadandaule: pa timasipika ta laputopu khutu silisiyanitsa Normal ndi Very high. Kusiyana kumayamba kumveka pa mahedifoni abwino kapena pa wufa. Low yokha ndiyo imaphwanya nyimbo, zitoliro ndi ng'oma n'kumamveka ngati zili m'chitini, koma pa ulaliki ndi zokambirana imakwanira.

FUNSO: Mwana wanga akuti nditenge Spotify, mnzanga wa ku ntchito akuti Boomplay, wina akuti Apple Music ndiye yapamwamba. Ine ndimakonda makwaya ndi nyimbo zauzimu za Chichewa, ndimamvera pa kompyuta ya kunyumba. Ndilipire kuti? Mayi wogwira ntchito ku Nchalo.

YANKHO: Mayi, musalipire kaye. Tengani pepala mulembe nyimbo khumi zimene mumazikondadi, zija mumaimba mukuphika. Kenako tsegulani Chrome, mulowe pa open.spotify.com, music.apple.com, boomplay.com ndi audiomack.com, mufufuze nyimbozo imodziimodzi. Kufufuza n'kwaulere paliponse. Makampani onsewa amanyadira nyimbo mamiliyoni ambirimbiri, koma ngati kwaya ya kwanu mulibe, mamiliyoniwo sakuthandizani kanthu.

Spotify ndi ya ku Sweden, inafika m'Malawi mu February 2021. Pa zonsezi ndiyo ili ndi pulogalamu ya pa kompyuta yokhwima bwino, ndipo waulere pa kompyuta amasankha nyimbo iliyonse imene akufuna, kungoti pakatipakati pamalowa zotsatsa malonda. Kutsitsa nyimbo kuti muzimvera popanda intaneti ndi kwa olipira okha.

Apple Music inatsegulira Malawi mu April 2020. Ilibe gawo laulere, kupatula nthawi yoyeserera kwa olowa kumene. Pa Windows pulogalamu yake mumaitenga mu Microsoft Store, ndipo pamafunika akaunti ya Apple. Imamveka bwino, pa 256 kbps, koma kumeneko ndi 115MB pa ola. Chenjerani ndi pamene palembedwa Lossless, kutanthauza nyimbo imene sinachotsedwe kanthu pa kamvekedwe kake. Malinga ndi Apple eniake, nyimbo ya mphindi zitatu imalemera 6MB pa kamvekedwe ka masiku onse, 36MB pa Lossless, ndi 145MB pa Hi-Res Lossless. Ndiye kuti nyimbo zisanu ndi ziwiri za Hi-Res zatha 1GB. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngati sipika yanu ndi ya Bluetooth, ubwino wa Lossless sufikako n'komwe, chifukwa Bluetooth imaifinyanso nyimboyo isanaitumize. Ife tikuona kuti Apple Music ikuyenera munthu amene ali kale ndi iPhone komanso Wi-Fi yosawerengera.

Boomplay inayambira ku Nigeria mu 2015, ndipo eni ake ndi a banja limodzi ndi Transsion, kampani yopanga mafoni a Tecno, itel ndi Infinix. N'chifukwa chake mumaipeza ili kale mu foni pogula. Mphamvu yake ili pa nyimbo za mu Africa, koma anaipangira foni. Pa kompyuta mumamvera pa tsamba lake. Audiomack nayo pa kompyuta ndi ya pa tsamba. Iyo ndi ya ku America, ya mu 2012, ndipo woimba amaikapo yekha nyimbo mwaulere, motero nyimbo za achinyamata athu zimafikako msanga. Vuto lake limachokera pomwepo: maina olembedwa molakwika, nyimbo imodzi kuikidwa kawiri, ina yomveka bwino ina yonong'ona.

Tsono kunena zoona, makwaya ambiri a m'mipingo yathu amathamangira pa YouTube, poti kumeneko sikufuna mkhalapakati. YouTube ndi kanema, ndipo kanema ndiye mdani wa bandulo. Ngati cholinga ndi kumva chabe, dinani kachizindikiro kangati gudumu pansi pa kanemayo, sankhani Quality, muike pa 144p. Zithunzi zichita mbuu koma mawu azimveka. Palinso tsamba la Malawi-Music.com la nyimbo za kuno kwathu, liyeseninso pa mndandanda wanu uja.

Langizo lathu ndi ili: ikani Spotify yaulere mu kompyuta, zinazo muzitsegula pa Chrome pakafunika. Mulipire pokhapokha pamene mwapeza nyimbo zosachepera zisanu ndi ziwiri mwa khumi zija, ndipo mukufunadi kuzitsitsa. Polipira pamafunika khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula kunja pa intaneti, ndiye funsani ku banki kwanu ngati lanu ndi lotsegulidwa kutero. Onetsetsani ndalama imene mtengo walembedwamo. Ukakhala wa madola, zimene zichoke mu akaunti yanu zizisintha kwacha ikamagwa. Ndipo ndalamayo imadulidwa yokha mwezi ndi mwezi, ngakhale mutalowa ndi mwezi woyeserera waulere. Lembani tsiku lake pa kalendala, kuti ngati simukufuna kupitiriza muletse lisanakwane.

FUNSO: Ndimachita geni pa Marka. Pamene ndimakhala netiweki imene imagwira bwino ndi ya kutsidya, ndiye mu modemu ndinaika simu ya ku Mozambique. Spotify yaulere inkaimba bwinobwino, pano ikukana kuti ndilowe, ikulemba za masiku 14 kunja kwa dziko. Inetu sindinachoke pakhomo. Bambo wa pa Marka.

YANKHO: Bambo, Spotify siona pamene mwakhala, imaona kumene intaneti yanu ikutulukira. Simu ya ku Mozambique imakuonetsani ngati muli ku Mozambique, ndipo akaunti yaulere imaloledwa masiku 14 okha kunja kwa dziko limene inalembetsedwa. Olipira Premium lamuloli siliwakhudza.

Ngati simu imeneyo ndiyo ya masiku onse, sinthani dziko la akaunti. Muli pa intaneti ya modemu yomweyo, lowani pa spotify.com, pitani pa Account, tsegulani pokonzera mbiri yanu, pa Country musankhe Mozambique, n'kusunga. Dzikolo limaoneka pa mndandanda pokhapokha muli pa intaneti ya kumeneko. Ngati mumangoigwiritsa mwa apo ndi apo, lumikizani kompyuta pa simu ya kuno kwathu n'kulowa mu akaunti muli pamenepo.

Anzathu ena a m'malire amakumana ndi zosemphana ndi izi: simu ya ku Malawi kulumphira yokha pa netiweki ya kutsidya, mayunitsi n'kutha ngati madzi a m'dengu. Mu foni yopereka hotspot zimitsani Data roaming, ndipo posankha netiweki muchotse pa Automatic, musankhe nokha ya kampani yanu.

FUNSO: Ndinalipira Premium n'kutsitsa nyimbo 300 pa kompyuta kuti ndikopere pa fulashi yoimbira pa sipika ya kunyumba. Ndafufuza kompyuta yonse, ma MP3 sindikuwaona, pali timafayilo ta maina osamveka. Ndalakwitsa pati? Mnyamata wa ku Bangula.

YANKHO: Achimwene, simunalakwitse pena paliponse, ndi mmene anazipangira. Nyimbo zotsitsa mu Spotify, chimodzimodzinso za mu Apple Music, ndi zokhoma ndi loko, ndipo kiyi wake ndi pulogalamuyo pamodzi ndi akaunti yanu yolipira. Simunagule nyimbo, mwachita lendi. Mukaleka kulipira zimatsekeka, mukakopera pa fulashi siziimba, kompyuta ikafomatidwa mumatsitsanso zonse. Spotify imalola nyimbo 10,000 pa chipangizo chimodzi, zipangizo zosapitirira zisanu, ndipo imafuna kuti mulumikize intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse. Masiku amenewo akadutsa musanalumikize, zotsitsa zija zimachoka.

Sipika yanu ingathe kuimbabe nyimbozo: ilumikizeni ku kompyuta ndi chingwe cha aux kapena Bluetooth. Kuti pulogalamu isakhudze bandulo n'komwe, dinani timadontho titatu pamwamba kumanzere, File, kenako Offline Mode. Potsitsa werengeraninso. Nyimbo ya mphindi zinayi ndi pafupifupi 2.9MB pa Normal, 4.8MB pa High, 9.6MB pa Very high, ndiye nyimbo 300 ndi 870MB, 1.4GB kapena 2.9GB. Sankhani mlingo wa Download mu Settings musanayambe, ndipo ngati kampani yanu ili ndi bandulo ya usiku, tsitsani nthawi imeneyo.

Lamulo la masiku 30 lija kuno ku chigwa si nkhani yaing'ono. Namondwe Ana mu January 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo Freddy mu March 2023 anadula misewu ndi mawaya m'madera ambiri. Mvula ikayandikira, muzilumikiza Spotify pa intaneti sabata iliyonse ngakhale kwa mphindi zochepa, kuti masiku aziyambiranso. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nyimbo zimene simufuna kutaya, zipezeni ngati MP3 kwa oimba eniake kapena pa masamba ololedwa, muzisunge pa kompyuta ndi pa fulashi. Spotify imatha kuziimba pamodzi ndi zake: mu Settings yatsani Show Local Files, dinani Add a source, muloze foda imene zili.

Wina akakuuzani kuti ali ndi Spotify yothyola imene imapereka Premium yaulere, kapena pulogalamu yosandutsa nyimbo zake kukhala MP3, kanani. Mapulogalamu otere ndiwo khomo la mavairasi oba mapasiwedi, ndiponso kampani ikazindikira imatseka akaunti.

FUNSO: Ndili ndi malo ometera pa Dyeratu. Ndikalipira Premium, ndiye kuti ndaloledwa kuimbira makasitomala? Wometa, Dyeratu.

YANKHO: Ayi, bambo. Malamulo a Spotify ndi Apple Music amati akaunti ndi yomvera mwini wake, osati ya pa malo a bizinesi. Kuimba nyimbo pagulu, kaya pometera, pa bala, m'sitolo kapena pa ukwati wolipiritsa, chilolezo chake m'Malawi chimachokera ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso, motsatira lamulo la Copyright la 2016. Ndalama ya chilolezo imeneyo ndi imene imagawidwa kwa oimba athu. Chilolezo chotere chimafunikanso kwa anzathu obena nyimbo m'misika.

FUNSO: Laputopu yanga ndi yakale, ya 4GB RAM. Masana nyimbo zimadukaduka, fani n'kumalira kwambiri, makamaka mwezi wa October. Usiku zimakhalako bwino. Ndi netiweki kapena makina? Mlembi wa mpingo, pa boma pa Nsanje.

YANKHO: A mlembi, yesani chonchi masana dzuwa lili paliwombo: chotsani intaneti, muimbe MP3 imene ili kale mu kompyuta. Ikaimba mosadukiza, vuto ndi netiweki. Ikadukaduka nayonso, ndi makina.

Likakhala la netiweki, ikani foni pa zenera pamene imagwira bwino koma pa mthunzi, chifukwa foni ikatentha imachepetsa liwiro, ina imazimitsa hotspot yokha. Kulumikiza ndi chingwe cha USB n'kuyatsa USB tethering kumakhazikika kuposa hotspot, ndipo foni imatchajidwa nthawi yomweyo.

Koma mmene mwafotokozeramu tikuganiza kuti vuto ndi kutentha. Kuno October ndi November kumapitirira madigiri 40, ndipo purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Fumbi likatseka timabowo totulutsira mpweya zimanyanya. Musaike laputopu pa matiresi, pa pilo kapena pa miyendo. Ikhale pa tebulo, kumbuyo kwake mutakweza ndi kathabwa kuti mphepo izidutsa pansi. Ngati papita zaka isanatsegulidwe, mmisiri achotse fumbi pa fani ndi kupaka thermal paste yatsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha, pa purosesa. Pa 4GB RAM musatsegule Spotify pamodzi ndi masamba khumi a Chrome. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti muone chimene chikulemetsa makina. Mu Settings ya Spotify, pansi pa Compatibility, yesani kuzimitsa hardware acceleration n'kuitsegulanso pulogalamuyo, chifukwa pa makina akale imeneyi imasokoneza.

Ngati muli pa Windows 7, Spotify yatsopano siilowa, imafuna Windows 10 kupita m'tsogolo. Ndipo mukaona kuti masamba onse akukana kutseguka, yang'anani tsiku ndi nthawi pa kompyuta. Kabatire kakang'ono ka mkati kakatha, kalendala imabwerera zaka zam'mbuyo, ndipo masamba otetezedwa amakana mpaka mutakonza tsikulo.

FUNSO: Tili ndi gulu la ulimba ndi utse kwa Tengani. Tinajambula nyimbo zisanu ndi imodzi ku situdiyo ina ku Blantyre. Ana athu amene ali ku South Africa akuti akazifufuza pa Spotify sazipeza. Tingaziike bwanji, ndipo muli ndalama? Mkulu wa gulu.

YANKHO: Akuluakulu, funso lanu latikondweretsa, chifukwa nyimbo za Chisena ndi Chimang'anja n'zosowa pa mapulogalamu onsewa, ndipo sizidzafikako zokha.

Pa Audiomack ndi pa YouTube mumatsegula akaunti n'kuika nokha, osalipira. Yambirani pamenepo. Spotify ndi Apple Music salandira nyimbo kuchokera kwa woimba mwachindunji, zimadzera kwa makampani ogawa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Ena amalipiritsa pachaka, ndipo mukaleka kulipira nyimbo zikhoza kuchotsedwa. CD Baby imalipiritsa kamodzi pa chimbale n'kumadulako gawo pa zimene mwapeza. Kwa gulu la kumudzi limene silitulutsa nyimbo chaka chilichonse, njira yolipira kamodzi ndiyo yosavutitsa.

Bwererani ku situdiyo ndi fulashi mukatenge mafayilo a WAV, a 16-bit ndi 44.1 kHz kapena kuposa. Musatumize zimene zinadzera pa WhatsApp, zimakhala zitafinyidwa kale ndipo ulimba umataya kulira kwake. Pafunikanso chithunzi cha chikuto chofanana mbali zonse, cha mapikiselo 3000 kwa 3000, chojambula nokha. Dzina la gulu lilembedwe chimodzimodzi paliponse, chilembo ndi chilembo, apo ayi nyimbo zanu zidzamwazikana ngati za magulu awiri. Nyimbo iliyonse idzapatsidwa nambala yake yoizindikiritsa, yotchedwa ISRC. Ilembeni m'buku la gulu, idzafunika mukadzasintha kampani yogawa. Chachikulu kwambiri: akaunti itsegulidwe ndi imelo ya gulu, pasiwedi isungidwe ndi akuluakulu awiri kapena atatu. Mwini akaunti ndiye amalandira ndalama ndipo ndiye angachotse nyimbo, ndiye isakhale m'dzina la wa situdiyo kapena la mphwanu amene wangokuthandizani kulemba.

Za ndalama tisakunamizeni. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamveredwa ikadutsa masekondi 30, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imayamba kupeza ndalama ikamveredwa kosachepera ka 1,000 m'miyezi 12. Ngakhale itadutsa pamenepo, zobwera pa kumvera kumodzi n'zochepa zedi. Kalembetseni nyimbozo ku COSOMA kuti zikamaimbidwa pa wailesi muzilandirako.

M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anajambula nyimbo za Amang'anja ndi mitundu ina ya kuno, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Zimapezeka mpaka lero chifukwa ankalemba malo, chilankhulo ndi chida choimbira. M'zolemba za nthawiyo Nsanje ankaitchula kuti Port Herald. Inunso pofotokoza nyimbo iliyonse pa YouTube ndi pa Audiomack lembani mudzi, chaka, maina a oimba atavomera eniake, ndi mawu akuti ulimba, valimba, utse, Sena ndi Nsanje, chifukwa amenewa ndi amene ana anu ndi ofufuza adzalembe posaka.